Voti ya "bola uyu" si chikondi

Pa 23 June 2020 Amalawi anachotsa a Peter Mutharika pampando n'kupatsa a Lazarus Chakwera mavoti pafupifupi 59 mwa 100 alionse. Pa 16 September 2025 Amalawi omwewo anachotsa a Chakwera n'kubwezeretsa a Mutharika ndi mavoti oposa 56 mwa 100 alionse. Mlendo angaganize kuti mitu yatisokonekera. Ayi, mitu yathu ili bwinobwino. Chavuta n'chakuti masiku ano sitipita kukasankha mtsogoleri, timapita kukapirikitsa amene watikwiyitsa.

Aliyense amene ankakwera minibasi kapena kudikira pachigayo nthawi ya kampeni anawamva mawuwa: "Onsewa n'chimodzimodzi, koma bola uyu." Mawu a munthu wokhutira sakhala otero. Ndi mawu a mayi amene wafika pamsika madzulo, wapeza usipa wonse wayamba kununkha, koma poti ana sangagone ndi njala, akununkhiza mulu uliwonse kuti atenge wovunda pang'ono.

Mu 2020 mgwirizano wa Tonse, wotsogozedwa ndi a Chakwera, unatilonjeza Kenani: ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku, fetereza wotsika mtengo. Kodi tinaona chiyani? Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Thumba la fetereza m'sitolo linadutsa K100,000. Anyamata akabaza ankakankha njinga zawo zamoto dzuwa likuswa mtengo, ena n'kugona pamzere wa mafuta atatsamira zigubu. Inde, kunali Covid, kunabwera namondwe Freddy, nkhondo ya ku Ukraine inakweza mitengo. Koma munthu amene wagona ndi njala safunsa za ku Ukraine, amafunsa amene anamulonjeza nsima.

Musaganizenso kuti anthu anaiwala zakale. Amakumbukira kuzimazima kwa magetsi m'ulamuliro woyamba wa a Mutharika. Amakumbukira chisankho cha 2019 chopakidwa Tipp-Ex, zionetsero za miyezi yambirimbiri, ndi chigamulo cha khoti pa 3 February 2020 chimene chinafafaniza zotsatira. Amadziwanso kuti mayi Jane Ansah, amene ankatsogolera bungwe la MEC pa chisankho chija, ndi amene anaima ngati wachiwiri kwa a Mutharika mu 2025. Zonsezi anaziika pasikelo, mtengo wa chimanga n'kulemera kuposa. Sikuti anakhululuka ayi, anangosowa kolowera.

Wina anena kuti papepala lovotera panali mayina 17, bwanji osasankha watsopano? Funsolo ndi labwino, koma yankho lake timalidziwa. Wovota wa ku Malawi amaopa "kutaya voti". Akaona kuti woti n'kugwetsa amene ali pampando ndi mmodzi yekha, amathamangira komweko ngakhale mtima uli kwina. N'chifukwa chake a Dalitso Kabambe a UTM, amene anakhala achitatu, sanafike ndi pa 5 peresenti pomwe. Winanso anena kuti ndi bwino kungokhala pakhomo osavota. Kumeneko ndiye kudzipweteka, chifukwa ukakhala pakhomo, wokusankhira amakhala uja wapatsidwa chitenje ndi K2,000 pamsonkhano.

Ine mlandu sindikuupereka kwa wovota. Ndikuupereka kwa zipani. Chisankho chenicheni cha pulezidenti sichichitika tsiku limene timaima pamzere, chimachitika kukonivenshoni, kumene nthumwi zochepa zimaimba, kuvina, kulandira za m'thumba n'kuvomereza dzina limene linadziwika kale. Mu August 2024 a Chakwera anadutsa ku MCP popanda wopikisana nawo. Mwezi womwewo a Mutharika, a zaka 84 panthawiyo, anadutsanso ku DPP popanda wopikisana nawo, a Kondwani Nankhumwa, amene ankaufuna mpandowo, atachotsedwa kale m'chipani. Dziko la anthu oposa 20 miliyoni, ambiri mwa iwo achinyamata, linapatsidwa anthu awiri omwewo amene anapikisana mu 2014, 2019 ndi 2020. Kodi nzeru zinathera mwa awiriwa?

Gwero la matendawa ndi ndalama. Chipani chimene mamembala ake sasonkha chimakhala cha amene amagula mafuta a galimoto, nsalu ndi malaya a kampeni. Mwini thumba ndiye mwini chipani, ndipo womutsutsa amatchedwa woukira. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, ndipo limalamula zipani kuulula amene amazipatsa ndalama zambiri. Lamulolo likanatsatidwa mwamphamvu, bwenzi tikudziwa amene amagula atsogoleri athu tisanawavotere n'komwe.

Tsono kwa amene anapambana ndikuti: musadzinamize kuti mumakondedwa. Mavoti ambiri amene munalandira ndi amkwiyo, ndipo mkwiyo womwewo unagwetsa a Joyce Banda mu 2014, inuyo mu 2020, ndi a Chakwera mu 2025. Kwa a MCP, UTM, UDF ndi ena: mukangokhala chete kudikira kuti boma lilephere kuti anthu adzanene "bola inu", ndiye kuti simunaphunzirepo kanthu.

Ndipo kwa inu owerenga, makamaka achinyamata: kudandaula pa Facebook sikusintha dzina la papepala lovotera. Lowani m'zipanizo, sonkhani, pikisanani pamipando ya m'madera, funsani kumene ndalama zikuchokera, kanani konivenshoni ya munthu mmodzi. Chisankho cha 2030 chikuphikidwa panopa. Tikazisiyanso m'manja mwa nthumwi zovina, tidzaimanso pamzere kusankha woipa pang'ono, ndipo ulendo umenewo mlandu udzakhala wathu.