Nyumba ya gogo isathere pa ngongole

Pa Mponela, m'mbali mwa msewu wa M1, pali nyumba zambiri za malata zomwe eni ake anamanga ndi ndalama za fodya kapena za ku Joni, masiku a Wenela ndi TEBA. Lero eni akewo akalamba. Nyumba ilipo, koma ya sopo ndi mankhwala palibe, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Inu amene munakhalako kunja mwina munamva za ngongole ya okalamba ya ku America. Munthu wa zaka 62 kapena kuposerapo amapereka nyumba yake ngati chikole, amalandira ndalama, koma sabweza kanthu pamwezi. Obwereketsa amadzatenga zawo iye akamwalira, akasamuka kapena akagulitsa nyumbayo. Ndalama zomwe angabwereke zimatengera zaka zake, mtengo wa nyumba ndi chiwongoladzanja, ndipo ana ake sadzalipira zoposa mtengo wa nyumbayo.

Zikumveka bwino, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti. Pa mlingo umenewu, K1 miliyoni yosabwezedwa imasanduka K10 miliyoni pakatha zaka khumi, ndipo mabanki amalipiritsa zoposa apo. Kodi gogo wa ku Ntchisi adzasiyira chiyani mbumba yake?

Nanga chikolecho achitenga kuti? Banki imafuna chikalata cha umwini wa malo, pamene nyumba zambiri ku Dowa zili pa malo opatsidwa ndi mfumu. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linalola kulembetsa malo otere, koma ndi angati ali ndi chikalatacho m'manja? Banki ikakana, wakatapila sakana. Iyeyo safunsa zaka, amangoyang'ana denga. Komanso kwa Achewa malo ndi a mbumba, si a munthu mmodzi woti angosayina yekha mseri.

Ife tikuti aphungu a ku Dowa ndi Ntchisi asadikire mpaka mabanki ayambe malondawa. Lamulo lineneretu zaka zoyambira kubwereka ndi malire a ngongole, liletse kuthamangitsa wamasiye m'nyumba, ndipo lilamule kuti mgwirizano uziwerengedwa m'Chichewa pamaso pa abale ndi a mfumu, gogo asanadinde chala.