WAKUTUMANI NDANI KUVULA AMAYI PA FONI?

Achinyamata anzathu a pa Boma, Dwangwa, Benga, Mwansambo, ndi inu muli ku Lilongwe ndi ku Joni koma mchombo munausiya kunyanja kuno: lero sitikuloza chala ku Capital Hill. Nkhaniyi ndi ya m'nyumba mwathu.

Sabata yathayi mayi wina wa ndale kwathu kuno anaponya kanema pa Facebook. Anaima m'mbali mwa msewu wa M5, n'kumafunsa za maenje ndi milatho imene imaduka mvula ikangogwa. Nkhani yake ndi yomwe ija timailirira tonse chisefukireni Dwangwa mu 2024, anthu atathawa m'nyumba zawo, usipa ukuwolera m'malole. Kanemayo atalowa m'magulu athu a WhatsApp tinawerenga mayankho onse. Za msewu palibe anafunsapo. Wina akuti amuna ake ndani. Wina wadula chithunzi chake n'kuzunguliza chifuwa ndi mzere wofiira. Wina watumiza voice note yoti galimoto akuyenderayo anaipeza ndi thupi. Ena mwa oseka ndi anthu amene timayenda nawo pa mademo. Ena ndi ma admin. Tikukudziwani aise.

Khalidweli silinayambe ndi foni. Mu Januwale 2012 mavenda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa chovala mathalauza. Mu Januwale 2019 ku Mangochi mayi wina anavulidwa malaya a chipani cha UTM, ovulawo akujambula okha, kanema n'kuzungulira dziko lonse. Anavula ndi anyamata ochepa, koma amene anamaliza ntchitoyo ndi zala zimene zinadina forward. Zala zathu.

Taganizani bwino. Msonkhano wa ndale umafuna ndalama: galimoto, mafuta, zimkuzamawu, nsalu, kenako ka envulopu ka mafumu ndi ovina, ngakhale lamulo la zipani la 2018 linaletsa ma handout. Ndalama zimenezo zili m'matumba a madala omwe aja. Mayi wogulitsa mpunga kapena mphunzitsi wa pulayimale amene akufuna ukhansala, chimene angakwanitse ndi bandulo, mwina ndi mphindi zochepa pa Nkhotakota Community Radio. Foni ndiye bwalo lake. Tikamuthamangitsa pamenepo ndi zotukwana, amuna ake n'kumuuza kuti basi zisiye, watichititsa manyazi kumpingo ndi kumzikiti, wapindula ndani? Si ife. Ndi bwana uja amabwera kamodzi pa zaka zisanu ndi ma T-shirt. Tikumugwirira ganyu osalipidwa n'komwe. Mu 2019 pa mipando 193 ya ku Nyumba ya Malamulo, amayi sanafike 50, m'dziko limene pamzere wovota amachuluka ndi amayi.

Wina anena kuti ndiye amayi asamadzudzulidwe, eti? Ayi man. Musatiike mawu m'kamwa. Cashgate inaphulika mu 2013 Joyce Banda ali pampando, ndipo mafunso ake ndi oyenera mpaka lero. Nkhotakota inatumizapo amayi ku Nyumba ya Malamulo, monga Grezelder Jeffrey ndi malemu Martha Lunji, ndipo aliyense wokhala pa mpando umenewo ayenera kuyankha za CDF tambala ndi tambala, avale chitenje kapena suti.

Koma tamverani pamene pali mchombo wa nkhani. Kutukwana kumapulumutsa wandale. Kumbukirani 2019. Tinali pamsewu kufuna kuti Jane Ansah atule pansi udindo ku MEC, ndipo mfundo tinali nayo: Tippex. Khoti linagwirizana nafe pa 3 February 2020, chisankho n'kuthetsedwa. Koma chifukwa ena ankaimba ndi kulemba za thupi lake m'malo mwa mapepala a zotsatira, a mbali inayo anapeza pothawira. Anatulutsa amayi pamsewu ku Blantyre kunena kuti akuzunzidwa poti ndi mzimayi, nkhani ya mavoti n'kusanduka ya jenda. Chishango chimenecho tinawasulira ndife. Ukafunsa phungu kuti mlatho uli kuti, ayenera kuyankha. Ukamutchula hule, wamupatsa chifukwa chokublokera, ndipo za mlatho zathera pomwepo.

Lamulo liliko. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imaletsa kuzunza munthu pa intaneti. Koma taonani mmene limagwirira ntchito: mu 2024 bambo wina ku Mponela anamangidwa chifukwa cha kakanema ka Pulezidenti Chakwera akuvina kamene anakaponya pa gulu la WhatsApp. Likakhudza State House limathamanga ngati kabaza wa njinga yamoto. Ndiye ife sitikuitana apolisi m'mafoni mwanu, tikudziwa amene angayambe kumangidwa. Tikonza tokha.

Kuyambira lero, m'magulu onse a gulu lathu, chithunzi, kanema kapena voice note yonena za thupi, banja kapena kuchipinda kwa mayi wandale, wa chipani chilichonse, admin afufute pompo. Wobwereza atulutsidwe, kaya ndi amene amatigulira madzi pa mademo. Admin woopa anzake atule, ena alipo. Ndipo asisi amene mumangowerenga chete m'magulumu, ena mwa inu munatumizanso zimene zija, tinaona mayina.

Kanema wa mayi uja tauponyanso m'magulu onse. Uonereni mpaka kumapeto. Ngati wanama za msewu, mutsutseni ndi chithunzi cha pamalopo. Ngati wanena zoona, jambulani dzenje kapena mlatho wa kwanuko, lembani dzina la malo ndi tsiku, mutumize kwa admin wanu pofika Lachisanu. Tikazipereka kwa aphungu ndi makhansala onse a boma lino, amuna ndi amayi omwe.

Tumizani ku magulu ena.