Kaliyala wa padenga si chipewa chotchenera

Anzathu ena akangoyamba kulandira malipiro a m'mabungwe amagula Prado, n'kuiveka kaliyala wachitsulo padenga, zigubu ziwiri, fosholo ndi mdadada wa magetsi a LED. Chonsecho ulendo wautali wa galimotoyo ndi wochoka ku Area 47 kupita ku City Centre. Ine ndikuti kumeneku n'kutaya ndalama, komanso kuika miyoyo ya ena pachiswe.

Tsegulani buku la galimoto yanu. Muli mlingo wa katundu amene denga lingasenze galimoto ikuyenda, ndipo pa magalimoto ambiri otere sudutsa makilogalamu 100. Kulemera kwa kaliyalayo kumawerengedwa momwemo. Chigubu cha malita 20 a dizilo chimalemera pafupifupi makilogalamu 20. Mukaonjeza tayala la sipeya ndi tenti, mwapyola kale. Katundu akakwera pamwamba galimoto imapendekeka kwambiri pokhota, ndipo pa makona a Golomoti kapena potsika ku Livingstonia kugubuduzika sikuchedwa. Zolemera ziikeni pansi, m'kati. Padenga pakhale matiresi ndi zikwama za zovala basi.

Kaliyala wopanda kanthu nayenso amalimbana ndi mphepo n'kumamwetsa galimoto mafuta, omwewa timagonera pamzere.

Koma chondikwiyitsa kwambiri ndi bull bar. Ku Australia amaiika poopa kangaroo. Kuno pa M1 amene mudzamugunde ndi wakabaza kapena mwana wochokera kusukulu, ndipo chitsulocho sichipindika ngati bampala. Mukupitadi ku Nyika nyengo ya mvula? Yambani mwagula matayala abwino ndi chingwe chokokera.