Ndalama za CDF zilipo, koma fomu yopemphera mjigo alembe ndani?

Mu Januwale 2023 kolera inabuka m'boma la Vubwi ku Zambia, nthawi imene matendawa anali atasautsa kale anthu ku Malawi, tsidya lina la malire. Chaka chotsatira mvula inakana, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chagwetsa dziko m'ngozi. Mavuto awiriwa anabwera pa nthawi imene ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu, zija timangoti CDF, zinali zitakwera kuposa kale lonse. Mu 2021 dera lililonse linkalandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 zinafika pa K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 zinali K36.1 miliyoni. Pa chisankho cha 2021 Katete anali ndi madera awiri, Mkaika ndi Milanzi. Sinda analinso ndi awiri, Sinda ndi Kapoche. Vubwi anali ndi limodzi. Tikaonkhetsa, si ndalama zochepa. Nanga bwanji midzi ina ikumwabe pa chitsime chosatetezedwa cha kudambo?

Yankho limayambira pa pepala. CDF siigwa ngati mvula. Anthu amakumana, n'kugwirizana chimene akufuna, n'kulemba fomu yopita ku komiti ya chitukuko ya wodi. Komitiyo imasanja mapempho kutengera kufunika kwake n'kuwapereka ku komiti ya CDF ya dera lonse. Akatswiri a khonsolo amaunika ngati ntchitoyo ingatheke ndi ndalama zimene zapemphedwa, kenaka akuluakulu amavomereza, kontirakita n'kusakidwa. Njirayi ndi yabwino ukamaimva. Koma fomuyo ili m'Chingerezi, ndipo imafuna mtengo wa ntchito. Ndani pamudzi amene angadziwe kuti madzi adzapezeka pa mamita angati pansi, kuti mapaipi atenga ndalama zingati, kapena kuti thanki ndi pampu ya sola yokwanira mabanja awo ndi yotani? Zimene zimachitika n'zodziwika: mlembi wa amfumu amapita kwa aphunzitsi a pasukulu yapafupi, awiriwo n'kulemba chiwerengero chongoganizira. Mudzi umene uli ndi mphunzitsi wopuma ntchito kapena mwana wogwira ntchito kuboma umalemba bwino ndipo umapata. Wakutali, umene amayi ake amadzuka usiku kukadikira madzi, sumveka n'komwe.

Pachifukwa ichi ena akuti midzi izithandizidwa kulemba mapempho. Khonsolo ili ndi ogwira ntchito za madzi ndi ukhondo. Mabungwe monga World Vision akhala akugwira ntchito m'madera a Katete ndi Sinda kwa zaka zambiri ndipo amadziwa mitengo. Anthu otere atakhala pansi ndi mudzi fomu isanalembedwe, pempho lingatuluke lokhwima, losabwezedwa chifukwa cha mtengo wolakwika. Mfundo yawo ili ndi mphamvu tikakumbukira kuti madzi sapikisana okha. Malangizo a 2022 anapatula magawo 60 pa 100 a ndalamazi, titachotsa zoyendetsera ntchito, kuti apite ku ntchito za chitukuko, ndipo m'mphika womwewo ndi mmene mumachokera makalasi, madesiki, zipinda za amayi oyembekezera ndi milatho. Pempho lofooka la mjigo silingalimbane ndi kalasi imene mapulani ake ndi mtengo wake n'zodziwika kale. Sinda ndi Vubwi, maboma amene anakhazikitsidwa mu 2012, ali ndi zosowa zambiri zotere zimene zikudikira nthawi imodzi.

Koma otsutsa nawonso sakulankhula zopanda mutu. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: mudzi umene sunavutikire pempho lake suona mjigowo ngati wake. Ukaonongeka amati "mjigo wa boma wafa", kapena amautchula dzina la phungu, n'kumadikira kuti mwini wakeyo abwere adzakonze. Amaopanso kuti wothandiza kulemba amasanduka wosankha. Wogwira cholembera akhoza kukokera mjigo pafupi ndi nyumba ya wachibale, kapena kulemba mtengo woyenerana ndi kontirakita amene amamwa naye. Ndipo ku khonsolo komweko ogwira ntchito ndi ochepa, galimoto ndi mafuta n'zosowa. Munthu mmodzi sangayendere midzi yonse ya kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo.

Pa mantha amenewa, oyamba ndiwo akundikhudza kwambiri, chifukwa umboni wake uli poyera m'mbali mwa misewu. Mjigo umaima chilili, chogwirira chitalendewera, simenti yozungulira itang'ambika, udzu utamera m'ngalande. Kawirikawiri chafa si chachikulu: kamphira ka mkati kapena ndodo imene yadyeka. Boma linaliona vutoli kalekale. N'chifukwa chake pali makomiti a madzi a m'midzi otchedwa V-WASHE, ndiponso ndondomeko ya SOMAP, imene inayamba ndi thandizo la JICA ya ku Japan, yophunzitsa okonza mijigo a m'deralo ndi kuika zipangizo pafupi. Koma zonsezi zimadalira kuti mabanja azisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo msungichuma akhale wokhulupirika. Chaka cha njala ngati 2024, banja likasowa chimanga, ya mjigo ndiyo imayamba kuiwalika. Masiku ano anthu ambiri akufuna pampu ya sola, thanki pamwamba ndi mipopi ingapo, ndipo sindikuwadzudzula, kupopa ndi manja n'kotopetsa. Koma pampu ya sola ikapsa, ndalama yosonkha ya mjigo wamanja siingaigule.

Komabe sindikuona kuti mankhwala ake ndi kuwasiya anthu okha ndi fomu ya Chingerezi. Kulephera kulemba mtengo wa mapaipi si chizindikiro chakuti mudzi sukufuna madzi. Umwini umabwera pamene anthu asankha okha malo pamsonkhano wapoyera, amayi otunga madziwo atalankhula, komiti yasankhidwa, ndipo buku la zosonkha latsegulidwa makina obowolera asanafike. Katswiri abweretse mitengo ndi miyeso. Chosankha chikhale cha eni mudzi, ndipo zimene zalembedwa ziwerengedwe mokweza m'Chichewa kapena m'Chinsenga anthu asanasaine. Kuteroko kumatsekanso mpata wa wogwira cholembera wachinyengo uja.

Za zimbudzi ndi suweji n'zina. Kumudzi chimbudzi chokumba ndi ntchito ya banja, ndipo mafumu akalimbikira zimayenda popanda thandizo lalikulu. Pamsika, pasukulu ndi pachipatala CDF ikhoza kumanga zimbudzi zamadzi, malinga pakhale wozisamalira. Koma kuyala mapaipi a suweji m'tauni ngati Katete si ntchito ya komiti ya wodi. Ku Lusaka, ntchito ya madzi, suweji ndi ngalande imene dziko la America linathandiza kudzera ku Millennium Challenge Corporation kuyambira 2013 mpaka 2018 inali ya madola pafupifupi 355 miliyoni. Ndalama za mtundu umenewo amazisaka ndi a Eastern Water and Sanitation Company, unduna wa za madzi ndi ukhondo, ndi mabungwe obwereketsa kapena opereka thandizo. Kuuza anthu a m'tauni kuti "pemphani ku CDF" pa nkhani imeneyi n'kuwathawa chabe.

Choncho makhonsolo a Katete, Sinda ndi Vubwi atumize ogwira ntchito awo kumawodi nyengo yolandira mapempho isanatsekedwe, ayambire midzi imene sinapatepo kanthu chikwerereni CDF mu 2022. Ndipo komiti ya CDF isavomereze mjigo watsopano pamene pempho silikunena amene adzaukonze ndi kumene ndalama yokonzera idzachokere.