Lenzi ya 28mm ndi zipinda za kuseri ku Cosmo City

Aliyense amene wagwirapo kamera ya rangefinder amafika pa funso ili: pa malenzi otambasula, omwe ojambula amati wide-angle, nditenge ya 35mm, ya 28mm kapena ya 21mm? Kwa munthu wojambula kuno ku Cosmo City, ine ndimati atenge ya 28mm, ndipo chifukwa chake ndi khoma.

Dera lino, lomwe lili m'mbali mwa msewu wa Malibongwe Drive kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg, linayamba kulandira anthu mu 2005, ena mwa iwo ochokera m'zisakasa za ku Zevenfontein ndi River Bend. Eni nyumba zomangidwa ndi boma za RDP sanachedwe kumanga tizipinda ta lendi kuseri, ndipo ndi mmenemo mmene Amalawi ambiri afikira. Lowani m'kamodzi muone. Bedi latenga theka la malo. Kasitovu ka mbale ziwiri kali pampando, zikwama za mizeremizere zodzaza katundu wopita kumudzi zaunjikidwa mpaka kudenga, yunifolomu ya kuntchito ili pamsomali kuseri kwa chitseko. Mukati mubwerere m'mbuyo kuti zonse zilowe m'chithunzi, msana wagunda kale khoma. Lenzi ya 35mm imaona madigiri pafupifupi 54 kuchokera kumanzere kufika kumanja, ndiye imakupatsani munthu ndi bedi lake basi. Ya 28mm imafika 65, ndipo madigiri owonjezerawo ndi amene amalowetsa kasitovu ndi zikwama zija.

Zimenezi ndimazitenga kukhala zofunika chifukwa zithunzi zomwe timatumiza kumudzi pa WhatsApp n'zodula m'mbali. Timaima pakhomo pa sitolo yaikulu titatchena, abale n'kumati ku Joni ndalama amachita kutola. Kachipinda komwe ndalama ya fetereza ndi ya fizi ikuchokera sikaoneka, ndipo ana athu sadzakadziwa ngati palibe woti akajambule mwaulemu.

Wina anganene kuti ngati nkhani ndi kutambasula, bwanji osangotenga ya 21mm. Apa kapangidwe ka kamera kakulowererapo. Pa rangefinder simuyang'ana kudzera mu lenzi. Mumasuzumira pa kazenera kapadera, mmene muli mizere yowala yosonyeza malire a chithunzi. Kamera ya Leica M3 ya mu 1954 inali ndi mizere ya 50, 90 ndi 135mm yokha. M2 inabweretsa ya 35mm, ndipo ya 28mm inayamba ndi M4-P n'kupitirira mu M6 ya mu 1984. Mizere ya 21mm mulibemo. Muyenera kuika kazenera kena pamwamba pa kamera, kulunjika pa kamodzi, kukonza malire pa kenako, kwinaku mwana yemwe mumafuna kumujambula wathamangira kale panja. Komanso 21mm imakoka nkhope za anthu okhala m'mphepete mwa chithunzi, mutu n'kuoneka wosongoka. Mayi amene wakulandirani m'nyumba mwake simungamuchite zotero.

Ovala magalasi a maso adziwiretu kuti pa M6 wamba mizere ya 28mm ili kumapeto kwenikweni kwa kazenera, ndipo simungaione yonse nthawi imodzi. Kwa iwo 35mm ndiyosavutitsa.

Lenzi yotambasula siilola kujambula mobisala patali. Kuti munthu adzaze chithunzi muyenera kukhala pa mita imodzi kapena iwiri kuchokera pomwe iye ali, pomwe angakuyang'aneni m'maso. Ernest Cole, yemwe buku lake la House of Bondage linatuluka mu 1967 n'kuletsedwa mu South Africa, ankalowetsa kamera mozembetsa m'makomponi a migodi, malo onga omwe ankagona agogo athu opita pa Wenela. Iye ankabisira kamerayo akuluakulu a tsankho. Ife lero tikujambula anansi athu, ndipo ena mwa iwo mapepala awo sali bwino, ena anauza kwawo kuti amagwira ntchito ya mu ofesi. Nkhope yawo ikafika pa Facebook ikhoza kuwaputira mavuto. Choncho odi ayambe, moni atsatire, mufotokoze komwe chithunzicho chikupita, ndipo akakana kamera ibwerere m'chikwama.

Pogula, musathamangire lenzi yaikulu ya f/1.4. Mtengo wake ndi woboola m'thumba, ndipo thupi lake limatchinga ngodya ya m'munsi ya kazenera kaja. Ya f/2.8 ndi yaing'ono, yopepuka, ndipo siikopa maso mukakwera nayo taxi yopita ku Randburg. Malenzi a Voigtländer, omwe kampani ya Cosina ya ku Japan yakhala ikupanga kuyambira mu 1999, alipo olowa pa Leica M ndipo ndi otsikirapo mtengo kwambiri. M'chipinda cha zenera limodzi mudzafunika filimu ya ISO 400 ndi manja osanjenjemera.

Panja ndiye 28mm imapeputsa ntchito. Dzuwa la kuno ndi lowala ngakhale mu June. Ikani pa f/8, mtunda muutchere pa mamita atatu ndi pang'ono, ndipo chilichonse kuyambira pa mita imodzi ndi theka kupita kutsogolo chituluka bwino. Mukhoza kuyenda mu South Africa Drive Loweruka m'mawa, pakati pa ogulitsa tomato ndi ometa tsitsi m'matenti, osakhudzanso lenziyo mpaka filimu itatha.