Apple ndi Msika wa Makompyuta m'Sukulu za ku America

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Eni kampani ya Apple ku America adazindikira msanga kuti mwana amene wazoloŵera makina ena ake pa sukulu adzafunanso omwewo akadzayamba ntchito. N'chifukwa chake m'chaka cha 1978 adapangana ndi bungwe la MECC la ku Minnesota zogulitsa makompyuta a Apple II m'sukulu, ndipo mu 1983 adapereka ulere makompyuta pafupifupi 9,000 ku sukulu za ku California. Kwa zaka zambiri dzina la Apple ndilo linkamveka m'makalasi.

Koma msika ulibe mwini. M'chaka cha 2013 akulu oyang'anira sukulu mu mzinda wa Los Angeles adayamba ntchito yopatsa mwana aliyense iPad, ntchito yoti idye madola oposa biliyoni imodzi. Maphunziro a kampani ya Pearson oikidwa m'makinamo adali osatha kukonzedwa, ndipo ana ena adachotsa msanga zotchinga n'kumayenda pa intaneti mmene afunira. Pofika 1 chaka chotsatira, ndiye kuti 2014, mgwirizanowo udaimitsidwa, ndipo mkulu wa sukuluzo, John Deasy, adatula pansi udindo.

Pa nthaŵi yomweyo makompyuta a Chromebook, oyendera pulogalamu ya Google, amene adatuluka mu 2011, ankaloŵa m'makalasi mwakachetechete. Mu 2016, pa makina 100 alionse onyamulika ogulitsidwa ku sukulu za ku America, 58 adali Chromebook, pamene a Apple adali 19 okha.

Kodi chidachititsa n'chiyani? Choyamba ndi mtengo: Chromebook ina inkagulidwa ndi madola osakwana 200. Chachiŵiri, makinaŵa ali ndi mabatani olembera, ndipo wophunzira wolemba chimangirizo kapena mayeso amafuna mabatani. Chachitatu, ntchito ya mwana imasungidwa pa intaneti, kotero makina akawonongeka amangotenga ena, ndipo munthu mmodzi angathe kuyang'anira makina mazanamazana ali pa mpando wake. Apple idayankha mu 2018 ku Chicago potulutsa iPad ya madola 299 kwa sukulu, komabe mtengowo udali pamwamba.

Tisaganize kuti chotchipa chilibe chilema. Sukulu zidadandaula kuti Chromebook inkasiya kulandira mapulogalamu atsopano ikadali yolimba, mpaka mu 2023 Google idaonjezera nthaŵiyo kufika zaka 10.

Aphunzitsi ndi inu amene mwatsiriza sukulu, taonani apa. Wogula makina a sukulu si mwana ayi, koma mkulu wosunga thumba, amene amafunsa za mtengo, za wokonza makinawo, ndi zaka zimene adzakhale. Ku Los Angeles mafunso otere adafunsidwa mochedwa, ndipo paja safunsa adadya phula.