Mayi Akafika Zaka za Pakati Sazilala

Anthu ambiri amati mayi akapyola zaka 40 ndiye kuti wayamba kuzilala. Umboni ukutsutsa maganizo amenewa. Mu 1958, katswiri wa kaganizidwe ka anthu Ravenna Helson anayamba kafukufuku pa atsikana omwe ankatsiriza maphunziro pa koleji ya Mills ku California, n'kumawatsatira mpaka anakula. Anapeza kuti pakati pa zaka 43 ndi 52 amayiwa ankadzidalira kwambiri kuposa kale, anachepetsa kudziimba mlandu, ndipo sankazengereza posankha chochita. Kusiya kusamba ngakhalenso kuchoka kwa ana pakhomo sizinasokoneze kukhwima kumeneku.

Wina anganene kuti awa anali amayi ophunzira a ku America, omwe anakhwima nthawi imene akazi kumeneko ankamenyera ufulu wawo. Nzoona, ndipo sitingayeze mayi aliyense ndi mlingo wawo. Komabe chomwe chimaumba munthu chimapezeka paliponse: udindo wautali. Mayi amene walera ana, wachezera usiku pambali pa kholo lodwala, wawerengetsera ndalama ya fizi ndi ya ufa mwezi ndi mwezi, amadziwa mphamvu zake chifukwa waziyesa. Enanso angati thupi limafooka ndipo tulo timasowa. Zimenezo zimachitikadi, ndipo mayi wotere akufunika chisamaliro, koma kutopa kwa thupi si kutha kwa nzeru. Choncho m'banja, kuntchito ndi kumpingo, tiwapatse amayi a msinkhu umenewu mpata wotsogolera ndi wogamula nkhani.